Mbali Yachiwiri ya Kaseti ya Twaibu

Zimitsani kaye mafoni amenewo. Ee, ndikunena nonsenu. Iwe Rashidi, usayime pakhomo ngati wadzapala moto, khala pamkeka apa pamene ndikukuona. Asiyatu, sendera kuno mama, khutu lakumanzereli linanditsogolera kale kumanda. Wayenda ulendo wautali kuchokera ku Katuli, ndipo chimene wadzera ndikuchidziwa, si nkhope yanga yamakwinyayi. Ukwati wako wayandikira, ndiye wati usanalowe m'banja umve kaye mawu a bambo ako, aja ndakhala ndikukutumira uthenga chaka ndi chaka kuti ndinakusungira. Unandifunsa dzulo utangofika, ndinati pumula kaye. Wandifunsanso m'mawa uno, ndati imwa kaye tiyi. Tsopano zonamizira zandithera.

Mawu aja kulibe, Asiyatu. Ndanena. Usatuluke, khala pansi. Ndikuuza mmene anapitira, ndipo nonsenu mumve, chifukwa m'nyumba muno nkhaniyi aliyense amangoilambalala ngati dzenje. Koma mundilole ndiyambire pamene ndikufuna ine. Nkhalamba ukaidula pakamwa imabwerera pachiyambi.

Ana inu mwandipeza ndili kale nkhalamba yaukali yoletsa anthu kugwira mawaya. Kafunseni amene ankayenda mumsika wa pa boma pano kalelo, akuuzani za Che Mawayilesi. Ndinali ndi kabenchi kanga pafupi ndi ogulitsa nsomba, nthawi imene chambo chinali chambo, osati tiana ta nsomba timene akukudyetsani lerotu. Chitsulo chowotcherera mawaya ndinkachitenthetsa pambaula. Wayilesi ikabwera ili duu, inkachoka ikuyimba. Kaseti ikatafunidwa ndinkaikulunga ndi cholembera, ndipo tepi, kalamba kabulauni kam'kati kaja, ikaduka ndinkailumikiza ndi utoto wopaka m'zikhadabo umene ndinkawabera agogo anu aakazi, malemu Abiti Juma. Ankandithamangitsa mpaka kumsewu amayi amenewo, Mulungu awachitire chifundo.

Koma chimene chinanditchukitsa chinali china. Masiku amenewo anyamata athu anali atayamba kukhamukira ku Joni, pamene amayi awo ambiri pakhomo la sukulu sanapondepo. Kalata ankachita kuwerengeredwa ndi mwana wa eni, pofika mawa zam'banja zili pachitsime. Ndiye tinkatumizirana mawu pakaseti. Mayi ankanyamuka kwanu ku Katuli konko, kutsika mapiri aja pamwamba pa matumba m'lole, kudzakhala pabenchi langa. Ankabwera atavala chitenje cha pa Idi, atadzola mafuta, ngati mwanayo amuona. Ndikangodina batani lofiira, iye n'kugwada kaye pansi kupereka moni kwa wayilesi. Ena ankalira mbali yonse yoyamba, tikatembenuza kaseti n'kuyamba kukalipa kuti bulangete lija unalonjeza lili kuti. Musaseke inu. Lero mumajambula mawu pafoni mukutafuna chimanga chowotcha, mawa n'kufufuta. Anthu aja ankachita kusamba asanalankhule ndi mwana wawo.

Twaibu, bambo ako, anakulira pansi pa benchi limenelo. Wamwamuna anali yekhayo. Wamkazi ndi Mariamu, amayi ake a Rashidi uyu. Mutu wa mawaya anatengera ine, koma mtima unali wa amayi ake, wosadziwa kusunga mkwiyo. Ndiye kuseka kwake! Ankayamba ngati watsamwa, kenako n'kuphulika, mapewa akugwedezeka, pomaliza kamluzu kotulukira m'mphuno. Ashehe anamutulutsapo m'madrasa chifukwa cha kuseka komweko. M'banja lonse lino amene anatengera ndi mmodzi yekha, Rashidi, mwana wa mlongo wake. Ali wamng'ono akaseka kuseri kwa nyumba, agogo anu ankataya chimene agwira n'kuthamangira panja, kuyesa Twaibu wabwera. N'chifukwa chake mwana ameneyu ndinamulera ndi dzanja lofewa, enanu munkadandaula kuti ndimakondera, ndipo simunkanama.

Twaibu atakwatira amayi ako, zinthu zinali zitayamba kale kuvuta. Nsomba m'nyanja zinali kuchepa, ndipo kunabwera timawayilesi totchipa tongotaya tikafa, benchi langa silikanatha kudyetsa mabanja awiri. Ananyamuka kupita ku Joni amayi ako ali ndi pakati pako. Patapita miyezi, munthu wa mabasi onyamula katundu wa kumeneko anandipatsira kaseti yokutidwa m'sokosi. Mbali yoyamba anali kupereka moni kwa tonse mmodzimmodzi, mpaka mbuzi. Ankasimba za kuzizira, za ntchito yonyamula makatoni m'sitolo, za kugona mothithikana ngati usipa pathandala. Pomaliza anati, "Ababa, mbali yachiwiriyo si yanu, ndi ya mwana ali m'mimbayo. Mukafuna mumveretu, koma mudzamutsegulire mwini wake akadzakula."

Kaseti ina sinabwerenso. Iwe uli wakhanda, nyengo yozizira inamugwira pachifuwa, ndipo anzake anamuyika tsiku lomwelo monga chipembedzo chathu chimanenera. Ife tinamva atamukwirira kale. Mwana wanga sindinamusambitse, jeneza lake sindinanyamule, dothi sindinathire. Ukandifunsa manda a bambo ako ndingoloza kummwera basi. Ndiye uzimvetsa kuti kaseti ija kwa ine inali chiyani.

Katundu wake atafika, abale a amayi ako anatsika ku Katuli amalume ako ali patsogolo. Anatenga mabulangete, mapoto, njinga, wayilesi yaikulu. Pakona panatsala chibokosi chotuwa ndi chinthu chonga wayilesi ya kanema chamsana waukulu, zimene Twaibu anagula kwa bwana wake. Amalume ako anachigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Ichi chitsale ndi madala, amakonda zinyalala za mawaya. Kwathu kulibe magetsi." Atatero anakunyamulanso iweyo. Mwana ndi wa kuchikazi, mwambo wathu ndi umenewo, ine gogo wa kuchimuna ndinali ndani kuti nditsegule pakamwa? Ndinatsala ndi kompyuta imene sindinkadziwa poyatsira pake. Koma kaseti sinalowe nawo m'zogawanazo, inali m'thumba la mkanjo wanga.

Kompyuta ndaiphunzira ndili ndi imvi, ana inu, osati inu amene mumabadwa chala chili kale pagalasi. Mphunzitsi wina woyandikana nafe anandisonyeza poyatsira ndi pozimitsira. Ija mumati mausi inandizunza sabata zingapo, dzanja likupita uku kamuvi kakuthawira uko, agogo anu ali pakhomo kuseka mpaka misozi. Tsiku lina ndinakwiya n'kumasula chibokosicho. Ndinapezamo mawaya, fumbi ndi kachipepeso kozungulira. Ndinati, ha, kani ndiwe mbale wake wa wayilesi! Kuyambira pamenepo mantha anatha.

Chimene chinandikakamiza kuphunzira si kufuna kutchena ayi. Kutentha kwa ku Mangochi kuno sikugwirizana ndi kaseti. Tsiku lina wayilesi inatafuna kaseti ya Twaibu pang'ono poyambirira, ndipo ndinaona kuti ikhoza kudzatha yonse. Ndinkapita kumalo kuja tinkalipira kuti tigwiritse ntchito intaneti, ine nkhalamba pakati pa ana asukulu, Chizungu changa cha m'mabuku a mawayilesi ndili nacho m'manja. Ndinapeza kuti kunja kuno kuli anthu amene amalemba ndi kujambula mmene chinthu chilichonse chimachitikira, n'kungozisiya poyera kuti aliyense aphunzire. Kumeneko ndinatenga pulogalamu yaulere yojambulira mawu. Waya ndinapanga ndekha, mutu umodzi pabowo la zomvera m'khutu la wayilesi, wina pabowo la maikolofoni kumbuyo kwa kompyuta. Ndinayesa kaye ndi mawu anga kuti ndione ngati ikugwira, kenako ndinayika kaseti.

Abale inu! Mawu a mwana wanga anayamba kujambulika pagalasi ngati mapiri, akukwera, akutsika. Pamene ankaseka mapiriwo ankatalika mpaka kugunda pamwamba. Agogo anu anagwira galasilo ndi dzanja n'kunena kuti, "Apa ndi pamene akuseka, eti?" Pulogalamu yomweyo inachotsa phokoso lija la kaseti yakale, mawu n'kumveka ngati ali m'chipinda chinacho. Ndinawasunga m'foda imene ndinailemba dzina lake. Lachisanu lililonse ndikachokera ku mzikiti tinkatseka chitseko, awiriwiri, n'kumvera. Abiti Juma atatisiya ndinapitiriza ndekha.

Ndipo pasapezeke wondiuza kuti sindinasamale. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa za kompyuta lovumbwitsa ndi phanga limodzi, zimenezo ndinazidziwa msanga. Ndinagula fulashi, kaja kosungira zinthu kolingana ndi chala, ndinakoperamo mawu onse, ndinakamanga chingwe n'kukapachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Kaseti ndinaitsekera m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi makaseti ena akale, pansi pa bedi. Ndinagula kabokosi koteteza kompyuta magetsi akabwera mwaukali, poti athuwa amapita osatsazika n'kubwera osaodira. Ndinayikamo pulogalamu yogwira mavayirasi, ndipo fulashi ya munthu wakunja sinkaloledwa kulowa. Agogo anu anasokanso kansalu kovundikira fumbi. Lero mukundiuza za kusunga zinthu pa intaneti, kumitambo kaya mumati kuti. Ndinayesa! Kamodemu ndinakamangirira kunsungwi pamwamba pa denga kusaka netiweki, chinthu chikafika pakati n'kuduka, bandulo yatha. Pakamwa panu panali kuti nthawi imeneyo?

Uthenga ku Katuli ndinkatumiza ndi aliyense wopita kumeneko: mwanayo abwere adzamve bambo ake. Amayi ako anali atakwatiwanso. Yankho linkabwera lomwelomwelo, lakuti akadali wamng'ono, lakuti wakufa salankhula ndi mwana, mumusokoneza mutu. Ukakula pang'ono ankati ali kusukulu, sukulu ikatsekera ankati msewu wawonongeka ndi mvula. Wina wa inu anandifunsapo kuti bwanji osangotumiza pafoni. Foni ya ndani? Iwe unalibe. Nditumize pafoni ya bambo wokupeza, mawu a mwana wanga akalire m'thumba la mwamuna amene anamulowa m'malo? Asa! Twaibu anati mudzamutsegulire, sanati mudzamuponyere. Ndinkafuna ukhale pamene wakhalapo apa, ine ndidine batani, ndikuone nkhope.

Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Ng'ala. Zilembo pagalasi zinkasungunuka, ndipo ndinayamba kudalira Rashidi, amene tsopano anali wamkulu ndi ndevu zake, kuti azinditsegulira. Ndi iye yekha ndinkamulola kukhala pampando umenewo. Sindinkaona kuti anzake akumabwera ndi mafulashi awo kudzakopera nyimbo ndi mpira, ndinkangomva kuti kompyuta yayamba kuchedwa kuyaka. Chaka chathachi, mvula isanayambe, ananditengera kuchipatala kukachotsa ng'alazo, ndipo nditatuluka ndinakakhala kwa mng'ono wanga ku Nkhudzi kuti maso apole kutali ndi fumbi la pa boma.

Ndinabwerako ndikuona ngati mnyamata. Masamba a mtengo wa mango uwu ndinkawaona limodzilimodzi. Rashidi anandichingamira pamsewu, mano onse panja, kundilanda chikwama.

"Agogo, tabwerani muone! Maso atsopano, kompyutanso yatsopano!"

Anavundukula kansalu kaja n'kuyatsa. Inayaka msanga ngati machesi. Pagalasi panali chithunzi china, tizizindikiro tina, zonse zachilendo. Ndinagwira mausi kusaka pakona pamene pankakhala dzina la mwana wanga.

"Foda ya amalume ako ili kuti?"

"Foda iti, agogo?"

"Yolembedwa Twaibu."

Anayamba kulankhula mofulumira. "Inadzaza mavayirasi, agogo, imangozima yokha. Ndiye ndinati musadzavutike mukabwera. Ndinaikweza pa kabaza kupita nayo kwa mnyamata wobena nyimbo kumsika kuja. Waifomata, wayikamo zatsopano zokhazokha. Wakuyikiraninso mafilimu achimwenye omasulira m'Chichewa, ambirimbiri, ndi maulaliki a ashehe, kuti muziona ndi maso atsopanowa."

Kwa inu amene simukudziwa, kufomata ndi kusesa nyumba yonse pamodzi ndi eni ake omwe. Koma sindinakalipe. Ndinati palibe kanthu, ndinatembenuka n'kutseka chitseko kuti ndione kuseri kwake. Msomali unalipo. Chingwe panalibe.

"Fulashi yanga?"

Anapisa m'thumba n'kuitulutsa, chingwe chake chili lendelende. "Nayi, agogo, sinasowe. Mnyamata uja anati pakufunika fulashi yoti ayikepo pulogalamu yoyambitsira kompyuta, yake anabwereka munthu. Ndiye ndinangothamanga kudzatenga yapamsomaliyi."

Ine ndinali nditawerengapo za zimenezo. Fulashi ukafuna kuyikapo pulogalamu yoyambitsira kompyuta, imayamba yasesedwa kaye yonse. Ndinailowetsa ndikudziwa kale chimene ndipeze. Mapanga anga awiri anagwa masana amodzi, ndi dzanja limodzi, la mwana amene ankafuna kundisangalatsa.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Wallahi ndinaseka, ndinati ana inu simungandithe, mwini wake wa zonsezi ali pansi pa bedi. Ndinagwada ndi maondo angawa, ndinakoka chitini cha mabisiketi. Chinali chopepuka, koma makaseti ankagobedeka m'katimo. Nditatsegula ndinapeza onse alimo, ya Twaibu ili pamwamba ndi dzina lake lolemba ine ndemwe. Ndinaikweza kuwindo. Kuwala kunadutsa mbali iyi kutulukira mbali inayo. M'kati munalibe tepi. Ndinatenga ina, chimodzimodzi. Onse anali zikhokhombe.

Ndinakuwa dzina la Mariamu mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka. Anabwera akupukuta manja kuchitenje.

"Matepi a m'makaseti awa ali kuti?"

"Ababa, mesa munanena nokha kuti zonse zinalowa m'kompyuta? Mpheta zinkatha mpunga kudambo kuja nthawi yokolola. Anthu onse akumamanga matepi akale pamitengo, akamanyezimira ndi kulira ndi mphepo mbalame zimathawa. Ndinaona kuti angokhala, ndipo zikhokhombe zake ndinakubwezerani bwinobwino."

"Mariamu," ndinatero, "unamangirira mchimwene wako pamitengo kuti aziingitsa mbalame?"

Anayang'ana kaseti inali m'manja mwangayo. Kuwerenga sadziwa, koma nkhope yanga anaiwerenga. Anakhala pansi pomwepo, manja kumutu, n'kuyamba kulira maliro amene tinalira kalekale. Mpunga umenewo tinali titaudya tonse m'nyumba muno, ine ndemwe ndinkawonjezera.

M'mawa mwake ndinapita kudambo ndi ndodo yanga. Mpunga anali atakolola kale miyezi yapitayo, ng'ombe zikudya ziputu. Pamitengo ina panali patatsala tizidutswa ta tepi, tofwifwa ndi dzuwa, topotana. Ndinatola tonse timene ndinaona ndi maso anga atsopanowo, anthu odutsa akuyesa ndapenga. Kunyumba ndinatipukuta, ndinatilumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo monga kale, ndinatikulunga m'chikhokhombe cha Twaibu ndi cholembera. Manja anali asanaiwale ntchito. Nditayika m'wayilesi munangomveka fuuu, ngati mphepo m'bango. Sindikudziwa n'komwe ngati tizidutswa timeneto tinali take kapena ta nyimbo za eni.

Ndinapitanso kwa mnyamata wobena nyimbo uja. Anali ndi zomvera m'khutu, sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Madala, munthu amanena ngati muli zofunika. Ine anangoti fomata." Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana mzere wa anthu odikira kuti awayikire mafilimu, ndinabwerera. Ukakangana naye upindulanji munthu amene sakudziwa n'komwe kuti wapha?

Chiyembekezo chomaliza chinali pa intaneti pomwepo. Kuli mapulogalamu obweza zinthu zofufutidwa, ndipo ndinatenga imodzi yaulere. Koma lamulo lake ndi ili, mulisunge ana inu: chinthu chikafufutika, zimitsani kompyuta nthawi yomweyo, musayikemo kanthu kena, chifukwa chatsopano chimakagona pamwamba pa chakalecho n'kuchiphwanya. Tsono yangayi anali ataidzaza mafilimu mpaka pakhosi. Pulogalamu ija inasaka kuyambira m'mawa mpaka swala ya madzulo. Inatulutsa zinyenyeswa zosatseguka, tizidutswa ta nyimbo za anzake a Rashidi, ndi kafayilo kamodzi ka mawu, kakang'ono, ka tsiku lomwe lija ndinajambula kaseti. Ndinasamba m'manja. Ndinati Bismillah, ndinadina.

Anali mawu anga. "Halo, halo. Ikumveka? Ikumveka kodi?" Kuyesa kuja ndinayesa ndisanayike kaseti. Pa zonse zimene zinali m'chibokosi chimenecho, chimene chinapulumuka ndi nkhalamba ikufunsa ngati ikumveka. Ndinazula waya kukhoma, ndinavundikira kansalu ka Abiti Juma, ndipo mpaka lero sindinayatsenso. Ndi iyo ili apoyo. Amene akuifuna adzatenge ndikafa, muzidzaonera amwenye anu akuvina.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndilibe womuda. Akanakhala wakuba ndikanamutemberera pa swala iliyonse mtima n'kupepuka. Koma uyu ankafuna agogo ake asangalale, uyo ankafuna ana adye mpunga. Ndikwiyire ndani? Ndiye mkwiyowo umangokhala m'mimba muno, ndikadya umadya nawo. Amalume ako a ku Katuli okha, Asiyatu, ndi amene ndimawatchula, chifukwa akanakulola kubwera ngakhale kamodzi uli kamtsikana, bwenzi lero mawuwo ali m'mutu mwako, mmene mulibe wofomata. Ukawauze ndatero, sindikuopa. Ndipo inu nonse amene zithunzi za ana anu ndi mawu a amayi anu zili m'foni imodzi yong'aluka galasi, mudzandikumbuka. Ine ndinasunga patatu, koma ponse patatupo panali pansi pa denga limodzi.

Rashidi chichitikireni zimenezi sanasekepo m'nyumba muno. Sindinamuletse ine. Ndinamulankhula mawu owawa tsiku limenelo, ee, ndipo sindinawabweze. Amandibweretsera madzi osamba, amandiperekeza ku mzikiti, amayankha kuti ee agogo, ayi agogo, basi.

Tsopano pukuta maso, Asiyatu, utchere khutu. Mbali yachiwiri ija bambo ako anandilola kumveratu, ndipo ndinaimvera mpaka inakhazikika. Mawu ake anali opepuka, othamanga, osati okhakhala ngati angawa, koma zimene ananena ndi izi.

"Iwe mwana uli m'mimbamo, salamu alaikumu. Ndine bambo ako, Twaibu. Sindikudziwa ngati ndiwe mnyamata kapena mtsikana. Ukakhala mnyamata agogo ako asankhe dzina, koma ukakhala mtsikana ndiwe Asiyatu, wina asasinthe. Kuno kukuzizira, usadzabwereko. Ndakugulira tinsapato tofiira, kaya tidzakukwana liti. Usamavutitse amayi ako. Ukadzakula wina n'kudzakufunsira, uyambe wamva mmene amalankhulira ndi amayi ake, ukatero wamudziwa. Ine ndibwera usanayambe kuyenda, Inshaallah. Ndipo ndikupempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, usatengere mphuno ya agogo ako a mawayilesi, chifukwa ukatengera imeneyo mwamuna tidzachita kukusakira ndi tochi."

Mphunoyo unatengera ndithu, ndi iyo, ndipo mwamuna wapezeka popanda tochi. Tinsapato tija tinapita ndi katundu ku Katuli, kaya unativala, kaya anaveka wina.

Atanena za mphunozo anayamba kuseka. Anaseka, kuyesa kulankhula, kulephera, kusekanso, mpaka tepi inatha iye akuseka, wayilesi n'kuti khwa. Pamenepo ndi pamene ndinkafuna umve. Mawuwa ndakupatsa, aliyense akanatha kukuuza. Koma bambo ako anali m'kuseka kuja, ndipo kumeneko ndilibe. Ndayesapo ndekha m'chipindamo nditatseka chitseko, chimatuluka ndi chifuwa.

Padziko lonse lapansi kwatsala malo amodzi okha, pakhosi pa uyu wakhala apayu. Rashidi, dzutsa mutu. Msuweni wako watsika mapiri onse aja kudzamva bambo ake. Seka. Sindikukalipa, ndikukupempha ine agogo ako, seka kamodzi kokha monga unkachitira kuseri kwa nyumba.

Ukumuona, Asiyatu? Yang'ana mapewawo. Akugwedezeka ndendende ngati a Twaibu. Koma uku si kuseka.